MLENDO NDIYE ADZA NDI KALUMO KAKUTHWA: Zimene tiphunzira ku msonkhano wa nthano za sayansi pa kalembedwe ka nkhani za makedzana



Pali vuto limodzi limene tonse tilidziwa. Ophunzira athu akangotha kulumikiza zilembo amafuna cinthu coti awerenge, ndipo cimene cimawakoka mtima koposa ndi nkhani za kwao: za makolo, za mafumu, za nkhondo, za njala, za kubwera kwa mpingo. Tikawalembera maina ndi zaka zokhazokha, pepala limauma ngati nsima yopanda ndiwo, anthu n'kuyamba kuwodzera. Tikati tithireko mcere, tiikemo anthu olankhulana ndi olira, mtima umatitsutsa kuti, kodi apa sitikunama? Pamene tiri kukayika cotere, nkhalamba zodziwa mbiri ziri kupita imodziimodzi, ndipo zimene zidziwa zikulowa nazo m'manda.

Thandizo talipeza kumene sitikadaliyembekezera: ku misonkhano ya anthu olemba nthano za sayansi, aja olemba za maulendo a ku mwezi ndi za makina oganiza. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione kalumo kameneka.

Msonkhanowo ndi wotani?

Nthano za sayansi ndi nkhani zopeka zimene zimafunsa kuti: moyo udzakhala bwanji anthu akadzapanga makina akuti, akadzafika ku nyenyezi yakuti, kapena mliri wacilendo ukadzagwa? Okonda nthanozi, olemba ndi owerenga omwe, amasonkhana caka ndi caka. Msonkhano wao waukulu ndi World Science Fiction Convention, mwacidule Worldcon. Woyamba udacitikira ku New York mu Julaye 1939, ndipo padafika anthu pafupifupi 200. Udaima kuyambira 1942 mpaka 1945 cifukwa ca nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, n'kuyambanso mu 1946. Masiku ano pamafika anthu zikwi zingapo. Wa nambala 82 udacitikira ku Glasgow m'dziko la Scotland, pa 8 mpaka 12 Ogasiti 2024, kufupi ndi mudzi wa Blantyre kumene adabadwira David Livingstone mu 1813. Mmodzi wa alendo olemekezeka anali Nnedi Okorafor, mai wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria. Mpaka 2025 msonkhanowu unali usanacitikepo mu Afrika, koma olemba a mu Afrika ali ndi mphotho yaoyao yochedwa Nommo kuyambira 2017.

Msonkhanowu ulibe mwini. Amauyendetsa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro, monga momwe akristu amagawana nchito pa msonkhano waukulu wa mpingo: awa a malo ogona, awa a ndandanda, awa olandira alendo. Munthu amalipira ndalama ya umembala, amampatsa kacizindikiro ka dzina kopacika pa cifuwa ndi kabuku ka ndandanda. Akatsegula kabukuko amapeza kuti pa ola limodzi pali zokambirana zambiri m'zipinda zosiyanasiyana, conco ayenera kusankha. M'cipinda muli anthu anai kapena asanu atakhala pa tebulo kutsogolo. Amakambirana mutu umodzi pafupifupi ola lathunthu, kenaka omvera amafunsa mafunso. Kwina wolemba akuwerenga mokweza cigawo ca buku lake. Kwina anthu ocepa akumwa khofi ndi wolemba wochuka, kumfunsa momasuka. Pali holo ya ogulitsa mabuku, ndipo usiku wina anthu amavala ngati a m'nthano n'kupikisana. Pamwamba pa zonse pali kupereka mphotho za Hugo, zimene zidayamba mu 1953. Dzinali ndi la Hugo Gernsback, mkonzi wa magazini oyamba a nthanozi, ndipo cikho cake cimaoneka ngati roketi. Opambana amasankhidwa ndi mavoti a mamembala.

Nanga a zam'tsogolo adziwanji za kale?

Codabwitsa n'cakuti pa ndandanda ya misonkhano yotere sipasowa mitu ya mbiri: kafufuzidwe ka zakale, zovala ndi zakudya za makedzana, zimene zikadacitika nkhondo yakuti ikadatha mwina. Mabuku ena amene adalandira ulemu waukulu kumeneko ndi a zakale ndithu. Kufupi ndi kwathu kuno, Namwali Serpell wobadwira ku Lusaka adalemba The Old Drift (2019), nkhani yoyambira m'zaka zoyamba za m'ma 1900 pafupi ndi mathithi a Victoria, yodzera pa kumanga damu la Kariba ndi pa Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 ankati atumiza a Zambia ku mwezi, n'kukathera m'tsogolo. Bukuli lidalandira mphotho ya Arthur C. Clarke ya nthano za sayansi mu 2020.

Cifukwa cake n'ici. Wolemba za caka ca 2300 ndi wolemba za caka ca 1800 ali ndi nchito imodzi: kutenga wowerenga dzanja n'kumlowetsa m'dziko limene sadalionepo. Onse awiri ayenera kuyankha mafunso omwewo. Anthu kumeneko amadya ciani? Amagula ndi ciani? Uthenga umayenda masiku angati? Amaopa yani? Munthu akalakwa amaweruza ndani? Olemba nthano za sayansi adazolowera kumanga dziko lonse kuyambira pa maziko, motero luso limeneli ali nalo lakuthwa. Kusiyana n'kwakuti iwo amaumba okha njerwa zao, pamene ife njerwa zathu tiyenera kukazifukula kwa akulu ndi m'mabuku. Maphunziro anai ndi awa.

Phunziro loyamba: dziko lakale liri ndi malamulo ake

Wolemba akanena kuti pa nyenyezi yakuti palibe mpweya, sangaonetse munthu akuyendapo cimutumutu pa tsamba lotsatira. Owerenga amgwira pomwepo. Momwemonso ndi zakale.

Titenge cakudya. Cimanga, cinangwa, mtedza, mbatata, matimati ndi fodya zidacokera ku America, ndipo zidafika mu Afrika pambuyo pa caka ca 1492. Ngakhale zitafika ku gombe, zidatenga nthawi kuti zifalikire kumtunda kuno. Tsono tikamalemba za Amaravi oyamba kufika m'dziko lino, nsima yao ikhale ya mapira kapena mawere, ndiwo zikhale khobwe, nzama, nsomba ndi nyama ya m'chire. Tikawadyetsa mgaiwa ndi ndiwo zotendera mtedza, tawanamizira.

Titenge ndalama. Metikali idayamba pa 16 Juni 1980. Isanabwere kunali eskudu ya Apwitikizi. Kale ndithu anthu ankasinthana ndi nsalu, mikanda, mcere, makasu ndi minyanga ya njobvu, ndipo nsalu za thonje zoombedwa ku cigwa ca Zambezi, zochedwa macira, zinkayenda ngati ndalama. Titenge nthawi: munthu wa 1850 sanganene kuti tikumane 8 koloko. Anena za tambala woyamba, za dzuwa liri paliombo, za mwezi ukaoneka. Zaka ankazichula ndi zimene zidagwa: caka ca dzombe, ca nthomba, ca njala. Titenge ulendo: ku Nyanja sitima ya mishoni ya Chauncy Maples idayamba kuyenda mu 1901, conco nkhani ya 1890 singaikweze munthu m'sitima imeneyo.

Kanthu kamodzi kolakwika kamagwetsa nkhani yonse. Gogo wa m'kalasi akamva kuti mfumu ya makedzana idavala nsapato za labala, aseka, ndipo zonse zotsatira sazikhulupiriranso.

Zoona zotere tizipeza kuti? Coyamba kwa akulu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Caciwiri m'mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a zocitika za tsiku ndi tsiku a ku mishoni zakale monga Boroma, Lifidzi ndi Messumba. Cacitatu m'zolemba za apaulendo. Gaspar Bocarro adayenda kucokera ku Tete mpaka ku Kilwa mu 1616 ndipo adaceza kwa mfumu Muzura. Francisco de Lacerda adanyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, kumene adakafera. António Gamitto adayenda ulendo wonga womwewo mu 1831 ndi 1832, ndipo buku lake O Muata Cazembe (1854) liri ndi zambiri za miyambo ya Amaravi ndi Acewa. Koma tiziwerenga mocenjera: awa anali alendo odutsa, olankhula kudzera mwa otanthauzira, ndipo zambiri ankaziona ndi diso lonyoza.

Phunziro laciwiri: anthu akale sankadziwa zimene zidzacitika

Ili ndiye phunziro lalikulu. Ife tidziwa mathero a nkhani, iwo ai. Mfumu imene idalandira mzungu woyamba ndi nkhuku ndi ufa sinkadziwa kuti patsogolo pali msonkho ndi cibalo. Mai amene adathawira ku Malawi m'zaka za nkhondo sankadziwa kuti pa 4 Okutobala 1992 ku Roma kudzasainidwa mtendere. Kwa iye mawa linali mdima. Tikawalemba ngati odziwa zam'tsogolo, amasanduka zidole. Tikawaweruza ndi nzeru za lero, amaoneka opusa pamene sanali opusa.

Olemba nthano za sayansi ali ndi njira ziwiri zodzikumbutsira zimenezi. Yoyamba ndi kutumiza munthu wa lero m'nthawi yakale. Octavia Butler, mai wakuda wa ku America amene adalandira Hugo mu 1984 ndi 1985, adalemba Kindred (1979). M'menemo Dana, mai wakuda wa ku California wa mu 1976, amangopezeka ali ku Maryland m'nthawi ya ukapolo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nthawi iriyonse ayenera kupulumutsa moyo wa Rufus, mwana wa mwini akapolo, cifukwa Rufusyo ndi kholo lake: akafa msanga, Dana sadzabadwa. Dana amafika akudziona wanzeru kuposa akapolo ogonjera aja. Pang'onopang'ono amaona momwe cikoti, njala ndi mantha otaya ana zimamangira munthu, mpaka iye yemwe ayamba kugonja. Asanalembe, Butler adakwera basi kupita ku Maryland kukaona malowo ndi maso ake, ndipo adawerenga zimene akapolo enieni adasimba za moyo wao.

Connie Willis adacita cimodzimodzi mu Doomsday Book (1992), limene lidalandira Hugo mu 1993. Kivrin, wophunzira mbiri ku Oxford mu 2054, amtumiza ku caka ca 1320, koma molakwika afika mu 1348, caka ca mliri waukulu ku England. Adaphunzira cilankhulo cakale m'mabuku, koma atafika sakumva zimene anthu akulankhula. Adziwa cimene cikupha anthu, koma alibe mankhwala. Cimene atha ndi kusamala odwala pamodzi ndi wansembe wa m'mudzimo, munthu wosaphunzira kwambiri koma wokhulupirika mpaka imfa. Wowerenga amatseka bukulo akulemekeza anthu amene poyamba ankawayesa mbuli.

Njira yaciwiri ndi kufunsa kuti, zikadapanda kutero bwanji? Philip K. Dick adalemba The Man in the High Castle (1962), mmene Germany ndi Japan apambana nkhondo yaciwiri, ndipo adalandira Hugo mu 1963. Nisi Shawl mu Everfair (2016) adaganizira dziko la Congo mmene anthu othawa nkhanza za mfumu Leopold II apeza malo othawirako n'kumanga dziko lao. Nkhani zotere ziri ndi mphotho yake, Sidewise, imene idakhazikitsidwa mu 1995. Ife sitikuti muzilemba zotere m'kalasi, pakuti zingasokoneze owerenga atsopano. Koma funsolo ndi lothandiza pokambirana pakamwa. Funsani kalasi: mfumu ija ikadakana, cikadacitika n'ciani? Anthu akayamba kutsutsana, amazindikira kuti kholo lija lidaima pa mphambano, ndipo njira zonse ziwiri zinali ndi minga.

Phunziro lacitatu: fufuzani dengu lodzaza, perekani cipande cimodzi

Olemba nthano za sayansi amaseka mlembi amene amaimitsa nkhani kuti afotokoze masamba atatu momwe injini ya roketi igwirira nchito. Amasekanso amene amalankhulitsa anthu awiri zinthu zimene onse azidziwa kale, pofuna kuti wowerenga amve. Ifenso msampha umenewu umatikola. Timalemba mwana akuuza amai ake kuti, “Monga mudziwa amai, ife Acewa mwana amatsata mtundu wa kucikazi.” Eti pali mwana amene adalankhulapo cotere kwa amai ake?

Mwambo uonekere m'zocita. Mwana wadwala, bambo wake ali pomwepo, koma onse akudikira atsibweni kuti anene cocita. Basi, wowerenga wamva kuti nkhoswe ndani. Za kulima thonje mokakamiza m'nthawi ya Apwitikizi, m'malo molemba malamulo ake onse, onetsani mai ali pa mzere wa sikelo, mwana kumbuyo, akuwerenga mumtima kuti ndalama imene alandire sigula cakudya ca mwezi umodzi, pamene munda wake wa mapira wamera chire. Kanthu kamodzi kooneka, komveka kapena konunkha kamaposa ziganizo khumi zofotokoza: fumbi la thonje pakhosi, kulira kwa lipenga la kapitao, fungo la nyanda yonyowa.

Izi zimathandizanso ophunzira athu. Munthu amene wangoyamba kuwerenga amatopa ndi ziganizo zazitali. Mpatseni munthu mmodzi woti amtsate, vuto limodzi, tsiku limodzi. Nkhani ya masamba awiri ndi yokwanira.

Phunziro lacinai: mangani mpanda pakati pa zoona ndi zopeka

Wowerenga nthano ya ku mwezi adziwa kuti ndi nthano. Wowerenga wathu ai. Kwa munthu amene waphunzira kuwerenga ali ndi zaka 50, cinthu cosindikizidwa pa pepala, makamaka cocokera ku mpingo, ndi coona basi. Apa ndiye pali ngozi. Tikapeka kuti mfumu yakuti idagulitsa mlongo wake kwa ogula akapolo, adzukulu ake alipo, ndipo a banja lopikisana nalo ufumu adzanyamula pepala lathu kupita nalo ku bwalo ngati umboni. Tikapeka kuti malire a munda anali pa mkuyu wakuti, tayatsa moto wa mlandu. Za nkhondo imene idatha mu 1992 ndiye n'zoopsa koposa: amene adawombera ndi amene adaferedwa akupemphera m'chalichi limodzi, mwina akukhala pa benchi limodzi m'kalasi lanu.

Olemba abwino amaonetsa poyera pamene pali msoko. Ungulani Ba Ka Khosa, m'buku lake Ualalapi (1987) lonena za Ngungunhane, mfumu ya Gaza imene idagwidwa ku Chaimite mu Disembala 1895 n'kukafera ku zilumba za Açores mu 1906, adaika zidutswa za zolemba zenizeni za nthawiyo pambali pa zigawo zimene adapeka yekha, kuti wowerenga aone kusiyana kwake ndi kutsutsana kwake. Mia Couto, m'mabuku atatu a As Areias do Imperador oyambira mu 2015, adasimba za nthawi yomweyo kudzera mwa mtsikana wopeka, Imani, ndi makalata a msilikali wa Cipwitikizi wopekanso. Mfumu ndi nkhondo n'zoona, koma maso amene tionera ndi a anthu wamba opangidwa ndi mlembi.

Makolo athu pa nchito ya zolemba ankaudziwa mpanda umenewu. Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglikani ku Unangu m'cigawo ca Niassa, adasonkhanitsa mbiri ya Ayao kwa akulu, ndipo idasindikizidwa mu 1919 ndi dzina lakuti Chiikala cha Wayao. Samuel Josia Ntara wa ku Malawi adalemba Mbiri ya Achewa atafunsa nkhalamba zambiri, ndiponso adalemba Nthondo (1933), nkhani yopeka ya moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kulowa ufumu. Munthu mmodzi, madengu awiri, osasakaniza.

Ngakhale m'Malembo muli citsanzo. Luka akuyamba Uthenga wake ponena kuti adafufuza mosamala kwa mboni zoona ndi maso n'kulemba mwa dongosolo. M'buku lomwelo, mutu 10, muli fanizo la Msamariya wacifundo. Mseu wocokera ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko ndi weniweni, acifwamba ake analipodi, udani wa Ayuda ndi Asamariya unali woona, ndalama zolipira ku nyumba ya alendo zinali zimene anthu ankagwiritsa nchito. Koma munthu wovulazidwayo alibe dzina, ndipo palibe banja limene lidanyozeka ndi nkhaniyo.

Conco malamulo athu akhale atatu. Munthu wamkulu wa m'nkhani akhale wopeka, wamba, wosalozera banja lodziwika. Anthu enieni a m'mbiri acite zokhazo zimene tiri ndi umboni kuti adacita, ndipo tisawaike mau oipa m'kamwa. Pansi pa nkhani iriyonse tilembe mizere itatu kapena inai yonena kuti: izi zidacitikadi, tidazimva kwa akulu a kwakuti kapena m'buku lakuti, izi tapeka ife.

Citsanzo: tsiku limene dzuwa lidada

Tiyese ndi nkhani imene sayansi ndi mbiri zidagwirana manja. Akulu a Cingoni ankasimba kuti pamene Zwangendaba ndi anthu ake ankaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, dzuwa lidada masana. Caka sankacichula. Koma akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera cam'mbuyo kayendedwe ka mwezi ndi dzuwa, ndipo adapeza kuti kadamsana adadutsa dera limeneli pa 20 Novembala 1835. Mau a nkhalamba ndi masamu a akatswiri zidakumana, tsiku n'kupezeka.

Jambulani mizere pa bolodi, mugawe zigawo zitatu. M'cigawo coyamba, ca zodziwika, lembani: mtsogoleri Zwangendaba, mtsinje wa Zambezi, dera la Zumbo, kadamsana, Novembala 1835. Lembaninso cenjezo lakuti awa ndi Angoni a kwa Jere, amene adapitirira kumpoto. Angoni a kwa Maseko, amene adadzakhazikika ku Domwe m'dera la Angónia, anali gulu lina ndipo adaoloka pa nthawi yao. Tikawasakaniza, akulu a ku Angónia atidzudzula. M'cigawo caciwiri, ca zothekera, lembani zimene nzeru itiuza: Novembala ndi mwezi wotentha kwambiri ku cigwa, madzi amakhala atatsika mvula isanakhazikike, m'gulumo munali akazi, ana ndi anthu ogwidwa m'njira, ndipo pa kadamsana kumazizira pang'ono, mbalame n'kukhala cete. M'cigawo cacitatu, ca zopeka, ikani munthu wanu.

Tinene kuti ndi mtsikana wogwidwa kumwera kwa mtsinje, amene wasenza mtolo wa mai wa Cingoni. Sadziwa dzina la caka, sadziwa kumene akupita. Cimene adziwa n'cakuti akaoloka madzi awa sadzaonanso amai ake. Ali m'madzi a m'ciuno, mdima ugwa. Ankhondo amene ankawaopa aja akufuula ngati ana. Palibe akumyang'ana. Abwerere, kapena agwire dzanja la kamwana ka mbuye wake kamene kakukokoloka pambali pake? Apa imani, mufunse kalasi. Mudzaona anthu amene amakhala duu akukweza manja, ndipo akafuna kudziwa mathero adzalimbana ndi zilembo okha popanda wowakakamiza.

Nchito ya m'kalasi

1. Sankhani ndi ophunzira cocitika cimodzi ca m'dera lanu: kusamuka kwa mudzi, njala, kumanga chalichi loyamba, ulendo wa ku migodi ya ku Joni kapena ku mapulazi a ku Rhodesia.

2. Tumani anthu awiriawiri kwa akulu osacepera atatu, ndipo mmodzi akhale mai. Apite ndi ulemu, apemphe cilolezo colemba, afunsenso ngati mkuluyo alola kuti dzina lake lichulidwe. Asafunse za mafumu zokha. Afunse kuti: munkadya ciani tsiku limenelo, mudavala ciani, mudagona pati, ndani adalira?

3. Akulu akasiyana mau, musasankhe msanga wolondola. Lembani zonse ziwiri. Kusiyanako nthawi zambiri kumaonetsa kuti wina adaima tsidya lino, wina tsidya lija.

4. Dzazani zigawo zitatu zija pa bolodi.

5. Pekani pamodzi munthu mmodzi ndi cosankha covuta cimene akumana naco. Ophunzira anene ziganizo, inu muzilemba, kenaka iwo akopere m'makope mwao.

6. Musanapereke nkhaniyo kwa ena, kaiwerengeni mokweza pamaso pa akulu aja. Ku misonkhano ija olemba amawerenga pamaso pa anthu odziwa kugwira zolakwa, ndipo amathokoza akagwidwa. Mkulu akati, “Iyai mwanawe, nthawi imeneyo mfuti zotere kunalibe,” konzani pomwepo.

7. Nkhani ikakhudza imfa za m'nkhondo yapitayi, sinthani maina a anthu ndi a midzi, ndipo muyambe mwakambirana ndi akulu a mpingo. Wina akapempha kuti zakezo zisalembedwe, mverani. Bala la mwini sitilitsegula cifukwa cofuna nkhani yokoma.

Abale ndi alongo, anthu aja amaoloka nyanja zamcere, kulipira ndalama zambiri, kuti akakhale m'cipinda ola limodzi kumvera odziwa zakale. Ife odziwa zakale tiri nao pa khonde, ndipo mtengo wake ndi kukhala pansi ndi kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pali wina wowasunga. Yambani mwezi uno ndi nkhalamba imene yafooka koposa. Nkhani zimene makalasi anu alembe, pamodzi ndi mizere ija yonena zoona ndi zopeka, zitumizeni kwa akonzi kudzera ku mpingo wanu, kuti a ku Nyanja awerenge za ku Angónia, a ku Milange awerenge za ku Marávia. Ambuye adalitse nchito ya manja anu.